Anandilanda Ana Chifukwa Ndinasiya Kupita Kumwezi

Zinayamba ndi bulauzi. Tsiku lina m'mawa ndikuchapa pampopi kwathu ku Mtendere, ndinamva kuzizira pachifuwa, kuyang'ana, madontho awiri, kuno ndi kuno. Ndinati ndi madzi a m'beseni. Koma madzi a m'beseni sanunkha choncho. Unali mkaka. Yamikani wanga anali atasiya bere chaka chathunthu, akudya yekha ndi dzanja lake, ndiye mkaka ukufuna ndani? Ndinakokera chitenje mpaka m'khwapa, ndinamaliza kuchapa nditawerama ngati msana ukuwawa, maso ali pachitseko cha mulamu wanga.

Amayi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwakhala pano muli ndi miyezi osasamba ndipo simunauze munthu. Ine sukulu ndinalekera giredi sikisi ku Katete, mawu a adokotala ndiwanena mmene ndinawamvera, koma zimene zinandichitikira ndizinena zonse, ndi zonyansa zomwe.

Tinkakhala payadi ya achemwali ake a mwamuna wanga, ba Esinati. Iwo kunyumba yaikulu, ife kuchipinda chakumbuyo, ine, Lakisoni mwamuna wanga, Taonga wa zaka sikisi ndi Yamikani wa zaka zitatu. Mukudziwa zimene alangizi anatiphunzitsa tonse, kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Ine ndinkasunga mwambowo bwinobwino. Taonga anali wamng'ono, ndinkaopa kuti apsa ndi mbaula, ndiye mwezi uliwonse ndinkapita pakhomo pawo ndi kumati, "Mulamu, bwerani munithirireko." Ankabwera, kuthira, kubwerera. Sindinadziwe kuti munthuyo akuwerenga.

Lakisoni anapita ku Solwezi kukamanga nyumba mu Januwale. Kumapeto kwa Januwale ndinawaitana ba Esinati. Febuluwale ndinawaitana. Malichi, zii. Epulo, zii, ndiye mkaka uja. Mutu unayamba kundiwawa kuseri kwa maso. Ine ndinkadziwa kuti palibe mwamuna wandikhudza, koma thupi langa linkanena zina, ndipo ndinachita mantha oti kaya andiika mimba yamatsenga, kaya magazi akuwunjikana m'kati ndipo tsiku lina adzaphulika. Kukiliniki sindinapite. Ndinkaopa kuti pamzere andiona anthu a payadi.

Mu Meyi ndinachita chinthu chopusa. Ndinanama. Ndinapita pakhomo pa ba Esinati ndi kunena mawu aja, kuti aleke kundiyang'ana m'mimba. Anabwera, anathira mchere, kenako anaima osachoka.

"Manje mulamu, nsalu zanu mwayanika kuti? Kumbuyo kulibe. Mu chimbudzi mulibe chilichonse. Kapena masiku ano mumasamba mphepo?"

Bodza limenelo ndi limene linandimaliza, chifukwa kuyambira tsiku lija chilichonse chimene ndinanena chinali bodza kwa iwo.

Ndiye Yamikani anayamba kutsokomola. Ba Esinati sanachedwe. Pampopi, anthu ali pamzere ndi zigubu, anakweza mawu: "Mwamudula mwana. Munthu wagona kunja, abwera athira mchere, mwana adya, manje mufuna chani? Ni mdulo uyu." Anaimbira foni mchimwene wawo. Lakisoni anabwera mu Ogasiti, sanandipatse ngakhale moni, anakhala pampando m'nyumba yaikulu. Anaitana amayi awiri akuluakulu a kwawo, ananditengera kuchipinda, anandivula, wina anafinya bere langa ngati akukama mbuzi. Mkaka unatuluka. Anayang'ana mimba, inali yaphwa.

"Anachotsa," anatero. "Mkaka uyu ni wa mwana wamene anataya."

Ndinagwada pamaso pa Lakisoni. Ndinati, "Atate ake Taonga, tiyeni kuchipatala akanipime, muli pamenepo." Iye anayang'ana achemwali ake. Achemwali ake anati kuchipatala sapima chigololo. Basi mlandu unathera pomwepo. Anandipatsa chikwama changa, ana anawatsekera m'nyumba yaikulu. Taonga ankamenya windo ndi manja onse awiri. Ine ndinatuluka pageti, azimayi a pampopi akundiyang'ana pachifuwa.

Ndinapita ku Chaisa kwa msuweni wanga Jesi, amene amagulitsa tomato ndi anyezi. Anandipatsa mphasa pakona. Zimene zinatsatira ndizinena mwachangu chifukwa sizokoma. Mutu unkawawa, wina anati kachasu amachiza mutu. Anachiza tsiku limodzi. Pofika Okutobala ndinkamwa m'mawa ndisanasukusule. Ndinagulitsa zitenje zanga, ndinagulitsa mapoto a Jesi awiri iye ali kumsika. Ndinagula mizu kwa mayi wina amene anati imatsegula msambo, ndinatsegula m'mimba masiku atatu, msambo osabwera. Ndinagona m'ngalande masana dzuwa likuswa mtengo, ana a eni ake akundiponya makoko a mango. Tsiku lina ndinakwera minibasi nditaledzera mpaka kusukulu ya Taonga, ndinagwira waya wa mpanda ndi kumaitana dzina lake. Anandiona. Anathawira kuseri kwa aphunzitsi ake. Mwana wanga anandithawa, ndipo ba Esinati anapeza umboni wina woti auze anthu.

Masiku onsewo m'mutu mwanga munali munthu mmodzi. Sindinkaganiza za Mulungu, sindinkaganiza za Lakisoni. Ndinkaganiza za ba Esinati. Ndinkadziwa kuti amagulitsa salaula, zovala zakale zija, ndipo mabelo awo amasunga m'kashedi ka matabwa kuseri kwa msika. Ndinkadziwa kuti Lamulungu amapita kutchalitchi ndipo satuluka mpaka wani koloko. Ndinkafuna abwere atavala yunifomu yawo ya chigwirizano apeze phulusa. Ndinkafuna aime pageti opanda kanthu, anthu akuwayang'ana, amve mmene zimakomera. Ndinapeza petulo m'botolo la madzi, ndinalikulunga m'chitenje, machesi ndinaika m'bra.

Linali Lamulungu la mu Januwale, mvula itangokata. Ndinatsika minibasi pamsewu waukulu, ndinayamba kuwoloka kulowera ku Mtendere. Ndinayang'ana kutsogolo, kunalibe kanthu. Kenako ndinangomva kuti phwa, ndili pansi m'matope, njinga yodzaza matumba a malasha, makala aja, ili pamwamba panga. Mwini njinga ankalumbira kuti analiza belu, kuti ndinamuyang'ana koma ndinapitiriza kuyenda. Ine sindinamuone. Anachokera kumbali, ndipo kumbaliko kunali ngati kulibe dziko. Botolo linaphulika pansi panga. Mwendo unang'ambika apa pabondo. Anthu ananditengera kukiliniki ndikununkha ngati galaja.

Apa ndipang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene moyo wanga unakhotera.

Anesi amene anandisoka anali mayi wamkulu, wonenepa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ananunkhiza petulo, anaona machesi atagwa pabedi pamene ankandimasula, anawatola, anawaika m'thumba lawo. Anasoka. Atamaliza anasamba m'manja, anatembenuka, anayang'ana bulauzi yanga.

"Mwana oyamwa mwamusiya na ndani?"

"Nilibe oyamwa."

"Wamng'ono ali na zaka zingati?"

"Zitatu. Afika zinayi manje."

"Kumwezi munapita liti?"

Ndinayang'ana chitseko. Ndinayang'ana windo. Ndinadikira mawu aja amene aliyense ankanena akafika pamenepa. Anesi anangokhala pampando, bolopeni m'manja, akudikira. Amayi anzanga, miyezi khumi ndi umodzi, munthu uyu ndiye anali woyamba kundifunsa funso limenelo asakudziwa kale yankho.

"Febuluwale chaka chatha," ndinatero. "Koma sininagone na munthu. Sininachotse. Olo munipime."

"Nizakupimani, osati chifukwa sinikukhulupirirani. Timayamba choncho na aliyense. Mutu umawawa?"

Ndinati inde. Anandiuza kuti ndiyang'ane mphuno yawo osasuntha maso. Anatambasula manja kuno ndi kuno, anayamba kugwedeza zala. "Mukaona zala munene." Ndinadikira. Ndinadikira. Zala zinaonekera zitafika kale pafupi ndi nkhope yawo. Anabwerezanso. Chimodzimodzi.

Anaika manja pamiyendo yawo. "Mai, njinga ija simunaione zoona. Mkaka uyu, mutu, maso, na kusasamba, ine niona monga ni matenda amodzi. Ali na dzina, ndipo ali na mankhwala."

Sindinalire pamene ankandisoka. Ndinalira pamenepa, kulira koipa, kwa mamina. Koma ndisakunamizeni kuti mtima unafewa. M'kati mwa kulirako ndinkaganiza kuti, ndiye kuti pali pepala. Pali pepala limene lingatseke pakamwa pa ba Esinati.

Mkodzo unaonetsa kuti mimba palibe. Ananditenga magazi, anandilembera kalata ya kuchipatala chachikulu. Jesi, amene ndinamubera mapoto, ndiye anandiperekeza, akundinyoza njira yonse. "Ukamwa futi nikusiya pamene apa pa siteshoni, unvela?" Kumeneko tinapeza adokotala achitsikana, aang'ono kuposa ine mwina. Anajambula mutu papepala, anaika kadontho pansi pa ubongo. Anati apa pali kachiwalo kakang'ono ngati nyemba, ndiko kamalamula msambo, ndiko kamauza mabere kuti apange mkaka. Kamatumiza zinthu m'magazi, dzina lake mahomoni. Ya mkaka amaitcha pulolakitini, ndipo yanga inali yochuluka kwambiri. Thupi langa linkaganiza kuti ndikuyamwitsa, ndiye linatseka msambo. Anandilowetsa m'makina ojambula mutu, aphokoso ngati chigayo, anapeza kachotupa pa kachiwalo kaja. Ndinafunsa ngati ndi khansa, anati ayi. Anati kakukanikiza mitsempha ya maso, n'chifukwa chake kumbali sindinkaona.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga chinabweretsa ni chani? Mchere?" Anaseka pang'ono, kenako anaona kuti sindikuseka. Anati palibe chimene ndinachita, palibe chimene ndinadya, palibe munthu ananditumizira. Zimangobwera.

Anandipatsa mapiritsi otsitsa pulolakitini. Anati ndiyambe ndi pang'ono, ndizimwa nditadya, pogona, chifukwa amachititsa nseru ndi chizungulire. Anati mowa ndi mapiritsi amenewa sayenderana, ndisankhe chimodzi. Sabata yoyamba ndinasanza, mphuno zinatsekeka, ndikaimirira msanga dziko linkazungulira, manja akunjenjemera kufuna kachasu. Ndinkaluma chitenje. Ndinkati ndikamwa, ba Esinati apambana. Ena amasiya mowa chifukwa cha pemphero, ine ndinasiya chifukwa cha chidani, ndipo sindichita nazo manyazi.

Pamzere wa kuchipatala kuja ndinaphunzira kuti ife osasamba sitifanana. Wina anali atanenepa, ndevu zikumera pachibwano, iye anamupatsa mapiritsi akulera kuti msambo uziyenda mwezi ndi mwezi ndi kuteteza chiberekero. Wina vuto linali chithokomiro cha pakhosi, amamwa kapiritsi m'mawa uliwonse asanadye. Wina wazaka makumi atatu zokha mazira ake anasiya msanga, amamupatsa mahomoni achikazi kuti mafupa asafooke. Wina anamupatsa mapiritsi a masiku khumi kuti aone ngati magazi abwera akamaliza. Ena ndi jekiseni wakulera chabe, amene amaimitsa msambo popanda choopsa. Ena ndi kuonda, njala, nkhawa, kapena matenda ena. Ena anataya magazi ambiri pobereka. Ndiye musabwereke mapiritsi a mnzanu, ngakhale anga musandipemphe. Ikakwana miyezi itatu osasamba, mulibe mimba, simukuyamwitsa, pitani akakupimeni. Nenani zonse, mkaka, mutu, maso, ndevu, kutentha thupi. Ndipo adokotala anandichenjeza kuti mankhwala akayamba kugwira, mimba imatha kubwera msambo usanaoneke, ndiye amene muli ndi amuna mufunse za kulera tsiku lomwelo.

Patatha masabata atatu osamwa mowa, ndinachapa diresi ya Jesi, ndinavala, ndinapita kusukulu ya Taonga. Ndinalowera pageti ngati munthu. Aphunzitsi anamuitana. Anabwera pang'onopang'ono, anandinunkhiza kaye, mwana wa zaka seveni kununkhiza mayi ake. Kenako anandigwira chala.

"Yami sasewera," anatero. "Ba anti anamutema apa na apa na leza. Amamupatsa vamumbotolo vakuda. Usiku amanyowa monga bamuthira madzi."

"Kuchipatala anapita?"

"Ba anti anakamba ati mdulo ukalasidwa nyeleti ya kuchipatala mwana amafa."

Miyezi isanu ndi iwiri mwana akutsokomola, osaonana ndi nesi ngakhale mmodzi, chifukwa kumupititsa kuchipatala kukanakhala kuvomera kuti mwina si mdulo, ndipo ngati si mdulo ndiye kuti ine sindine hule. Anasankha kuti mwana wanga awole chifuwa kusiyana ndi kuti iwo apezeke olakwa. Ichi ndi chimene sindidzakhululuka. Abusa anandiuza kale kawiri kuti ndikhululuke, ndinawayankha kuti ndamva.

Miyendo inkafuna kuthamangira kuyadi kuja ndi mwala. Ndinakhala pansi pamtengo kunja kwa sukulu ndi kumadziuza kuti ndikawamenya ndigona m'selo, ndikagona m'selo ana akhala kwa iwo mpaka kalekale. Ndinabwerera kwa adokotala, ndinapempha kalata yonena matenda anga, yokhala ndi chidindo. Ndinapita nayo kupolisi, ku ofesi yoona za amayi ndi ana. Wapolisi wamkazi anawerenga, anavala chipewa, anati tiyeni.

Tinapeza Yamikani atagona pathumba pakhonde. Ndinamunyamula, anali wopepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Pachifuwa mphini mizere itatu, zina zili ndi mafinya. Ba Esinati anatuluka akupukuta manja.

"Ba ofisa, uyu ni chakolwa. Funsani aliyense pano."

"Nizafunsa," anatero wapolisi. "Manje nionetseni kadi ya mwana ya kukiliniki. Tsiku lothera kupita ni liti?"

Kadi sanaipeze. Tinamutengera Yamikani kukiliniki, anamujambula, anamupima, anapeza TB. Anayamba mankhwala sabata yomweyo, Taonga nayenso anamupima ndi kumupatsa oteteza.

Kukhoti laling'ono kalata yanga anaiwerenga mokweza, kalaliki anamasulira m'Chinyanja mawu ndi mawu. Ndinapempha kuti abwereze pamene panati mimba palibe ndipo mkaka ndi wa matenda. Anabwereza. Ine sindinkayang'ana oweruza, ndinkayang'ana khosi la ba Esinati, mmene ankamezera malovu. Sindinena kuti chifuwa chinabwera ndi ndani payadi paja, sindine dokotala, koma amene ankatsokomola pabenchi la kumbuyo tsiku limenelo onse anamumva, ndipo anali Lakisoni. Khoti linati ana akhale ndi ine, bambo awo aziwaona ine ndilipo.

Panja Lakisoni ananditsatira. "Amake Taonga, ninanamizidwa. Tiyeni tikambe."

"Ninagwada," ndinatero. "Munayang'ana kuti?"

Ndinamuuza kuti akapimitse chifuwa asanayandikire ana anga, ndipo ngati achemwali ake akufuna kulankhula nane akayambe pampopi paja, pamzere wa m'mawa, anene mokweza mmene ananenera poyamba. Mpaka lero sanapite. Ndimafunsa.

Msambo unabwera mwezi wachitatu wa mankhwala. Mkaka unauma, mutu unaleka, maso akubwerera pang'onopang'ono. Mapiritsi ndikumwabe, magazi amandipima nthawi ndi nthawi, ndipo adokotala anati ndisadzasiye ndekha ngakhale ndimve bwino. Yamikani anamaliza ake, wanenepa, zipsera zokha ndizo zatsala.

Koma pepala la khoti silikhala pageti. Ndinamva kuti ba Esinati akuuza anthu kuti ana a mchimwene wawo adzawatenga ndi kuwatumiza kumudzi kumene sindingawapeze. Ndiye ndinasamuka kwa Jesi, ndinapeza chipinda kukomboni ina imene sinditchula pano, pepani, ngakhale inu. Taonga ndinamusintha sukulu. Ndinapita kwa ahedi ndi pepala la khoti, ndinawasiyira kope, ndinawauza kuti otenga mwana ndi awiri okha, ine ndi Jesi, wina aliyense olo anene kuti mayi ake agundidwa ndi galimoto, ayi. Jesi anandigawira tomato, ndinaika tebulo langa moyang'anana ndi geti ya sukulu, Yamikani amakhala pansi pa tebulo pamthunzi.

Anatipezabe. Mwezi watha, nthawi yoweruka, ndinawaona ba Esinati akutsika minibasi ndi pepala la zitumbuwa zija za mafiritasi m'manja. Ndinamunyamula Yamikani kumbuyo, ndinawoloka, ndinaima pakati pa iwo ndi geti. Manja anga onse ndinawaika kumbuyo pansi pa mwana, ndinagwirana zala mwamphamvu kuti ndisawamenye.

"Nabwera chabe kuona bana ba mulongosi wanga," anatero.

"Mwabaona. Ba gadi, awa ndiye baja ninakuuzani."

Alonda anatseka geti. Ba Esinati anaima pamenepo ndi mafiritasi awo, azimayi ogulitsa onse akuwayang'ana, mpaka anatembenuka okha. Ndinadikira minibasi yawo inyamuke, ndinawerenga nambala yake, kenako ndinatenga Taonga ndipo tinapita kunyumba podzera njira ina.